Tsiku Limene Makwinja Anathamanga

Panali munthu wina kutsinde kwa phiri lalikulu la kummwera, dzina lake Makwinja. Ntchito yake inali yokhoma zidebe. Ankagula malata akale, n'kuwawongola, n'kuwadula, n'kupanga ndowa, mbaula ndi makeni othirira mbewu kudimba. Ankakhala pansi pa mtengo wa kachere m'mphepete mwa msewu. Dzuwa potuluka linkamupeza pamenepo, polowa linkamusiya pomwepo.

Makwinja sanali wolankhula. Ukamupatsa moni ankayankha. Ukamufunsa za ndowa ankakuonetsa ndowa. Sankapsa mtima, sankaseka mokweza, ndipo m'dera lonselo munalibe munthu amene anamuonapo akuthamanga. Ngakhale mvula imupeze panjira, ankayenda monga amayendera masiku onse.

Anthu a kumeneko anali ndi chizolowezi chogawa anthu m'mitundu. Ankati aliyense amabadwa ndi chake chimene anafanana nacho. Alipo amoto, oyaka msanga, chikondi chawo chotentha ndipo mkwiyo wawo chimodzimodzi. Alipo amadzi, ofatsa, olowa paliponse, koma ukati uwagwire amadutsa m'zala. Alipo amphepo. Alipo amwala. Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, akuluakulu asanafunse za munda wake ankayamba anong'onezana kuti, "Kodi ameneyu ndi wachiyani?"

Za Makwinja panalibe kutsutsana. Onse ankati ndi wamwala.

Kutsidya kwa mtsinje, m'mudzi wina wotsamira phirilo, munali mtsikana dzina lake Nangondo. Iyeyu anali wamalonda. Lero ali pamsika uwu ndi tomato, mkucha ali pamsika wina ndi usipa. Ankayenda akuimba. Ankadziwa amene wabereka, amene wadwala, amene wagula njinga, ndipo nkhani imodzi asanaimalize ankayamba ina. Miyendo yake inali yopepuka kuposa ya anyamata ambiri. Za iyenso panalibe kutsutsana. Anali wamphepo.

Nangondo anayamba kutenga ndowa za Makwinja kukagulitsa kumisika yakutali. Akabwerako ankatula katundu pansi pa kachere paja, n'kukhala pamuzu kuti apume. Kwawo kunali kwaphokoso. Bambo ake, asanamwalire, anali munthu wamoto, ndipo mbale zinkauluka m'nyumba. Koma pansi pa kachere pankangomveka nyundo yokha, kho, kho, kho, yosafulumira, yosachedwa. Mtima wake, umene sunkadziwa kukhazikika, unkakhazikika pamenepo.

Makwinja naye ankamvetsera, maso ali pa lata. Iye anali asanapiteko kutali. Mtsikanayu akayamba kulankhula, misika yonse inkabwera pansi pa mtengo wake, ndi fumbi lake, ndi mikangano yake, ndi kuseka kwake. Akachoka, malowo ankaoneka aakulu mopitirira.

Tsiku lina Makwinja anatulutsa kambaula kosalala bwino, n'kukaika pambali pa katundu wa Nangondo.

"Aka si kogulitsa," iye anatero. "Ndi ka kunyumba kwathu, ngati mungalole."

Nangondo anaseka mpaka misozi. "Mawu onsewa munawasunga kuyambira liti?"

"Kuyambira chaka chatha."

Nkhaniyi itafika kwa akuluakulu, anagawanika. Ena anati, "Mphepo ndi mwala? Mphepo ikawomba mwala imangoulambalala n'kumapita." Ena anati, "Iyayi, denga likafuna kuuluka timalitsindika ndi chiyani? Si mwala?" Pamapeto pake ankhoswe anagwirizana, ukwati unachitika. Makwinja anapita chikamwini kwawo kwa mkazi wake. Anamanga nyumba pafupi ndi ya apongozi ake, chapafupi ndi kamtsinje kotsika m'phiri, ndipo nyundo yake inayamba kumveka pansi pa mtengo wa mango pabwalo lawo.

Zaka zoyamba zinali zokoma. Anabereka mwana wamwamuna, anamutcha Ganizani. Mwanayo anakwawa, anayamba kuimirira akugwira chipupa. Koma asanaponye phazi lake loyamba, malungo anamutenga.

Maliro atatha, anthu atabalalika, Nangondo anali atagona pamphasa m'nyumba, maso atatupa. Anamva phokoso panja. Kho, kho, kho. Anatuluka, ndipo anapeza mwamuna wake ali pamalo ake a masiku onse, akukhoma ndowa.

"Amuna anga," anatero, "dothi la pamanda a mwana wanu silinaume, inu mukukhoma ndowa?"

Makwinja anakweza maso. Kenaka anaweramanso, nyundo n'kupitiriza.

"Anthu sananame," anatero Nangondo. "Ndinu mwala."

Kuyambira pamenepo Nangondo anachulukitsa maulendo. Ankapita kumisika yakutali kuposa kale, nthawi zina kugona komweko kwa abale. Makwinja ankamuyang'ana akutsika njira, dengu lili pamutu, n'kunena mumtima kuti, "Mphepo yaiwala kale. Mphepo ilibe manda."

Palibe amene anafunsa mnzake. Akanafunsiranji, poti yankho ankaganiza kuti ali nalo kale? Chimene aliyense anamukondera mnzake pachiyambi, chomwecho chinasanduka minga. Kufatsa kuja tsopano kunali kuuma mtima. Kusangalala kuja kunali kusasamala.

Patapita nthawi anabereka mwana wamkazi, Mwandida. Mwanayo anabweretsa kuseka pabwalo, koma sanathe kulumikiza makolo ake. Ankhoswe anabwera kangapo. Akafunsa mkazi, ankati, "Ndingatani ine? Mwala sumva." Akafunsa mwamuna, ankati, "Ndi mmene anabadwira. Mphepo simangidwa." Ndipo ankhoswe ankangogwedeza mitu, pakuti iwonso ankakhulupirira zomwezo.

Nyengo ina ya dzinja, Nangondo anaima patsogolo pa mwamuna wake.

"Bambo a Mwandida, nyamulani zida zanu mubwerere kwanu. Ndatopa kukhala ndi munthu amene sindidziwa ngati ndilimo mumtima mwake."

Ananena zimenezi akuyembekeza kuti mwamunayo akana. Ankafuna akalipe, aswe ndowa, achite chilichonse choonetsa kuti muli munthu m'menemo.

Makwinja anati, "Ndamva."

Iyenso ankayembekeza kuti mkaziyo anena kuti, "Ndimangonena." Sananene.

Mvula inali itagwa masiku ambiri osalekeza. Nthaka inakhuta, madzi akutumphuka ngakhale m'nyumba za anthu. Mmawa umene Makwinja ananyamuka, mvula inali itachepa, kukungowaza. Anamanga nyundo zake ndi malata ake panjinga ndi chingwe cha khonje. Anatsanzika apongozi ake, mayi okalamba amene miyendo yawo inali itafa kale, oti ankangokhala pakhonde. Anaika dzanja pamutu pa Mwandida. Mkazi wake anali m'nyumba, sanatuluke.

Anakankha njinga m'matope. Anawoloka mlatho wamitengo pamtsinje waukulu, n'kukwera chitunda mpaka pamsewu. Pamenepo m'pamene anamva.

Sikunali kugunda kwa bingu. Bingu limagunda n'kuleka. Ichi chinayamba pansipansi, ngati magalimoto ambiri akubwera pansi pa nthaka, ndipo chinkakulirakulira. Msewu unanjenjemera kumapazi ake. Agalu analira. Mbalame zonse za m'nkhalango zinauluka nthawi imodzi.

Makwinja anatembenuka. Mtambo unali utatseguka pang'ono, ndipo anaona phiri. Pamene dzulo panali mitengo yobiriwira panali bala lofiira, lalitali, kuchokera pamwamba kutsika. Phiri linali litang'ambika. Madzi, matope, mitengo yathunthu ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinkatsika pamodzi. Anthu a kumeneko chinthu chimenechi amachitcha napolo, ndipo amachitchula motsitsa mawu. Chinkatsata kamtsinje kaja kodutsa pafupi ndi nyumba yake.

Anthu amene anali pamsewu anayamba kuthawira kumtunda. Makwinja anagwetsa njinga. Anamasula chingwe, zida zonse n'kumwazika m'matope, ndipo chingwecho chili m'manja anayamba kuthamanga kubwerera kumene anachokera.

Bambo wina anamugwira mkono. "Mukupita kuti? Kumeneko n'kumanda!"

Makwinja anamukankhira kumbali osamuyang'ana. Anatsetsereka chitunda chija, akugwa n'kudzuka. Anaponda mlatho madzi akuunyambita kale, ndipo atangofika tsidya linalo, mitengo ya mlathowo inanyamuka kumbuyo kwake ngati udzu.

M'mudzimo ambiri anali adakali m'nyumba, akubisala mvula. Ena anali ataimirira pamakomo, akumvetsera phokosolo, osadziwa kuti n'chiyani, pakuti mitengo inkawabisira phiri. Kenaka anaona chinthu chimene anali asanachionepo. Makwinja akuthamanga. Makwinja akukuwa, ndi mawu aakulu amene panalibe anadziwa kuti ali nawo.

"Napolo! Tulukani! Thawirani kukaphiri ka kutchalitchi! Siyani zonse!"

Akanakhala wina, anthu akanayamba afunsana. Akanati mwina waledzera, mwina akukokomeza. Koma mayi wina atamuona anangonyamula ana ake n'kunena kuti, "Ngati Makwinja akuthamanga, ndiye kuti dziko latha." Mudzi wonse unakhuthukira kukaphiri kaja. Ambiri amene ali moyo lero kumeneko, ndi ana awo, ndi zidzukulu zawo, ali moyo chifukwa cha zimenezo.

Nyumba yake inali kumapeto kwa mudzi. Asanafike, napolo anafika.

Nangondo anali atamva phokosolo kale. Mwandida anali kumsana. Ndi miyendo yake ija, akanakhala woyamba kufika kukaphiri. Anathamangadi pang'ono. Kenaka anaima, n'kuyang'ana pakhonde pamene panali mayi ake.

"Thawa ndi mwana!" anakuwa mayiwo. "Ine ndakalamba kale. Thawa!"

Koma Nangondo anabwerera, anawagwira m'khwapa, n'kuwakoka mpaka pamtengo wa mango. Anawakankhira pamphanda ya mtengowo ndi mphamvu imene sanadziwe kumene inachokera, n'kuwamangirira ndi chitenje. Anawapatsira mwana. Iye mwini analibenso nthawi yokwera. Anakumbatira thunthu, ndipo madzi anamupeza pamenepo.

Mtima wa napolo, pamene pankadutsa miyala yaikulu, unapita chapambali pang'ono. Ukanalunjika, sipakanatsala ngakhale muzu. Koma ngakhale m'mphepete mwakemo, matope anafika m'chiuno, kenaka pachifuwa. Nyumba ziwiri zija zinasungunuka ngati mchere. Madzi ankamukoka Nangondo miyendo, miyala ikumumenya m'maondo. Sanasunthe.

Makwinja anafika pamene panali bwalo lake, ndipo panalibe bwalo. Panali mtsinje wofiira, wobangula. Pakati pake panali mtengo wa mango ukugwedezeka, ndi mutu wa mkazi wake pambali pa thunthu.

"Nangondo!"

Chikwatirane anali asanamuitanepo ndi dzina lake.

Anakwera chakumtunda kwa madziwo, n'kudziponya, kuti madzi omwewo amutengere kumtengo. Anamira, anatumphuka, anamiranso. Madzi anamumenyetsa pathunthu. Anazunguliza chingwe chija pamtengo ndi m'chiuno mwa mkazi wake ndi mwake momwe, n'kumanga mfundo. Kenaka anaima mbali imene madzi ankachokera, msana wake n'kuupereka kwa zonse zimene zinkatsika, manja ake atagwira mikono ya mkaziyo mbali iyi ndi iyo ya thunthu.

Anaima choncho nthawi yaitali. Nthambi zinkamumenya. Mbuzi yakufa inamugunda n'kupitirira. Chipika china chinabwera mwamphamvu n'kupanikiza dzanja lake lamanja pamtengo, mafupa n'kumveka kuphwanyika. Anakuwa, koma dzanja lamanzere silinasiye.

Nkhope zawo zinali pafupi, zodzaza matope. Ndipo pamenepo, imfa ikuwadutsa mbali zonse, Makwinja anayamba kulankhula. Ankalira ngati mwana.

"Tsiku la maliro lija sindinkakhoma ndowa. Manja akanangoleka, ndikanapenga. Ndinkamuona Ganizani akugwira chipupa. Mpaka lero ndimamuona. Ndinkafuna kukuuzani, koma sindinkadziwa poyambira."

Nangondo anangomuyang'ana. Anachita mantha, osati ndi madzi okha. Anali atagona nyumba imodzi ndi munthu ameneyu zaka zonsezi, anamuphikira, anamuberekera ana, koma munthu amene ankalira patsogolo pakeyu anali asanakumane naye.

"Bwanji simunathawe?" anafunsa Makwinja. "Miyendo muli nayo."

"Ndinathawa kale mokwanira," anatero Nangondo. "M'nyumba muja paliponse ndinkaona pamene Ganizani ankakwawa. N'chifukwa chake sindinkakhalamo."

Makwinja naye anamuyang'ana, ndipo mantha omwewo anamugwira.

Pamwamba pawo, mayi okalamba aja anali atafungatira mdzukulu wawo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu onjenjemera. Dzuwa litapendeka, madzi anayamba kutsika. Amuna anabwera kuchokera kukaphiri ndi mitengo ndi zingwe, ndipo anawatulutsa onse amoyo. M'midzi ya kumunsi, kumene kunalibe wowachenjeza, kunali maliro ambiri. Pamene panali minda panali miyala yoti anthu ankaizungulira akugwira pakamwa, osamvetsa kuti madzi anainyamula bwanji.

Dzanja lamanja la Makwinja silinafumbatenso. Atabwerako kuchipatala, ankhoswe anasonkhana pansi pa msasa umene banjalo linkagonamo. Nkhoswe ya kuchikazi inati, "Nangondo, mawu ako aja tinawamva tonse. Unati mwamunayu apite. Tsopano tikufuna timve pakamwa pako, kuti tidziwe ngati timuperekeze."

Nangondo anati, "Malume, amene ndinamuthamangitsa uja ndinkati ndimamudziwa. Uyu sindinayambe n'komwe kumudziwa. Ndisiyeni ndimudziwe."

Anafunsanso Makwinja. Iye anati, "Ndikhala. Koma akamapita kumsika wakutali, tsiku lina anditengeko."

Musaganize kuti anasandulika anthu ena. Makwinja sanakhale wolongolola. Nangondo sanaleke maulendo ake. Ankakanganabe, ndipo masiku ena nyumba inkazizira. Chimene chinasintha n'chakuti mwamunayo akakhala chete, mkaziyo sankanenanso kuti mulibe kanthu m'menemo. Ankakhala naye pafupi n'kudikira, ndipo nthawi zina, patapita masiku, mawu ankatuluka. Mkaziyo akayamba kuyendayenda mosakhazikika, mwamunayo ankafunsa kuti, "Make Mwandida, chikukuthamangitsani n'chiyani?"

Ine ndinawaona atakalamba. Ndinawapeza pachipatala china chaching'ono, atakhala pabenchi kudikira dokotala. Agogo aakaziwo ankacheza ndi mzere wonse. Agogo aamunawo anali chete, dzanja lopuwala lili pabondo. Koma akazi awo akamalankhula, iwo ankawayang'ana modabwa, ngati munthu amene wangofika kumene pamalo okongola ndipo sanathe kuona zonse.

Tsopano inu, ana anga, amene mwakhala pano kukonzekera kulowa m'banja. Ndikudziwa kuti nanunso muli ndi mayina amene munapatsana. Wina munamuuza kale kuti ndi wamoto, wina kuti ndi wamadzi. Ena mumawerenga za mwezi umene munabadwa, n'kumati, "Ife tikuyenerana," kapena, "Uyu ndi ine sitingakhalitse." Sindikunena kuti zonsezo n'zabodza. Makwinja analidi wofatsa, Nangondo analidi wosakhazikika. Dzina lotere limakuuza pamene ungayambire kumumvetsa mnzako. Koma tsiku limene udzalitenge kukhala mathero, udzaleka kufunsa. Ndipo banja limene anthu aleka kufunsana limafa anthu ake akudya mbale imodzi.

Iwe mnyamata, usadzabisale kuseri kwa mawu akuti, "Ndi mmene ndinabadwira." Iwe mtsikana, usadzanene kuti, "Ameneyu ndamudziwa, ndamumaliza." Amene wakhala pambali pakoyo Mulungu anamuumba mozama kuposa mmene maso ako angafikire, ndipo muli zinthu mwa iye zimene mwiniwake sanazione.

Awiri aja anafunika phiri ling'ambike kuti aonane. Si onse amene phiri limawasiya amoyo. Inu musadikire zimenezo. Tembenuka tsopano, muyang'ane mnzakoyo, ndipo uchite naye mantha pang'ono.